Chikondi cha njinga zamoto: kuchokera ku Milwaukee kufika pasiteji ya ku Zingwangwa

Munthu akaima pafupi ndi msika wa Zingwangwa m'mamawa, kapena kwa Kudya madzulo anthu akuweruka kuntchito, amaona njinga zamoto zitandandalika m'mbali mwa msewu, iliyonse ili ndi dzina lake pathanki: Lifo, Kinglion, SanLG, Boxer, TVS. Kwa mayi amene akuthamangira kusikelo ndi mwana kumbuyo, mayinawa alibe ntchito, bola njingayo imufikitse. Kwa wakabaza, dzina la pathanki ndi nkhani yaikulu, ndipo mtsutso wa njinga yolimba kuposa inzake umatha kutentha ngati wa ochemerera Bullets ndi Wanderers.

Chikondi chotere chili ndi mbiri yake. Akatswiri a zamalonda akhala akuchifufuza kwa zaka zambiri, ndipo chitsanzo chimene amakonda kupereka ndi cha eni njinga zikuluzikulu za mtundu wa cruiser, makamaka za kampani ya Harley-Davidson ya ku America. Nkhani ya eni njingazi imathandiza kumvetsa chimene chimachititsa munthu kukakamira dzina limodzi, komanso chifukwa chake kuno kwathu kukhulupirika koteroko kumapita kusiteji ndi kwa makaniko, m'malo mopita kukampani yopanga njinga.

Kodi cruiser ndi njinga yotani?

Cruiser ndi njinga yamoto yaitali, yolemera, ya chishalo chotsika. Zogwirira zake zimakhala zazitali ndi zobwerera m'mbuyo, popondera mapazi pali kutsogolo, kotero woyendetsa amakhala ngati watsamira pampando wa ndalema. Zambiri zimakhala ndi injini ya masilinda awiri oikidwa mooneka ngati chilembo cha V, ndiponso zitsulo zonyezimira ngati kalilole. Adazipangira misewu yaitali ya phula, yoyenda munthu mosapupuluma. Pampikisano wa liwiro kapena m'matope sizichita bwino.

Kukula kwa injini ya njinga amakuyeza m'ma cc. Njinga zambiri za kabaza zili pakati pa 100 ndi 150 cc, ndipo zina n'zochepera apo, pamene Harley-Davidson Fat Boy ya masiku ano ili ndi injini yoposa 1,700 cc ndipo imalemera makilogalamu oposa 300. Kusiyanaku n'kumene kumachititsa kuti njinga zoterezi zizioneka mwa apo ndi apo m'misewu ya Blantyre. Mtengo wake ndi wokwera, zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo kutsika kwake sikugwirizana ndi mahampu kapena tinjira ta zigwembe totsetsereka kuchokera m'munsi mwa phiri la Soche.

Mmene dzina lidamangidwira

Kampani ya Harley-Davidson idayamba m'chaka cha 1903 mumzinda wa Milwaukee. Adaiyambitsa ndi William S. Harley pamodzi ndi Arthur Davidson, ndipo abale ake a Arthur, Walter ndi William A. Davidson, adalowanso m'ntchitoyo. Injini yawo yoyamba ya masilinda awiri idatuluka m'chaka cha 1909. Mdani wawo wamkulu pamalonda adali Indian, kampani ya ku Springfield yomwe idayamba mu 1901 ndi kuleka kupanga njinga mu 1953. Dzina la Indian lidadzatsitsimuka pambuyo pake, makamaka kampani ya Polaris italigula mu 2011.

Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, Harley-Davidson idapangira asilikali njinga pafupifupi 90,000. Nkhondo itatha, asilikali ambiri amene adazolowera njingazi adazigula motchipa ndi kuyamba magulu a oyendetsa. Mu July 1947, pamsonkhano wa oyendetsa njinga m'tauni ya Hollister ku California, mudabuka chipwirikiti cha anthu oledzera, ndipo magazini ya Life idasindikiza chithunzi cha munthu ali panjinga, mabotolo a mowa ali mbwee pansi. Kuchokera apo, anthu ambiri ku America adayamba kuona woyendetsa njinga yamoto ngati chigawenga. Kanema ya The Wild One ya mu 1953 idalimbikitsa maganizowa, ngakhale kuti Marlon Brando m'kanemayo adakwera Triumph ya ku Britain. Kanema ina, Easy Rider ya mu 1969, idaonetsa njinga za Harley zosinthidwa maonekedwe ngati chizindikiro cha ufulu wa munthu wokana kumangidwa ndi malamulo a anthu ena.

Kampani ya Honda ya ku Japan idapezerapo mwayi pa mbiri yoipayi. Mu 1963 idayamba kutsatsa tinjinga take ting'onoting'ono ku America poonetsa amayi, ophunzira ndi anthu ovala bwino atakwera, pofuna kunena kuti njinga yamoto ndi ya munthu wabwinobwino. Malondawo adayenda kwambiri. Super Cub, njinga yomwe Honda idayamba kupanga mu 1958, pofika mu 2017 idali itapangidwa yoposa 100 miliyoni.

Kugwa ndi kudzuka

Mu 1969 kampani ya AMF idagula Harley-Davidson. M'zaka zotsatira idachulukitsa njinga zotuluka m'fakitale, koma kulimba kwake kudatsika, moti zidatchuka ndi kudontha oyilo ndi kufa panjira. Nthawi yomweyo makampani a ku Japan ankagulitsa njinga zolimba pamtengo wotsika, ndipo posakhalitsa adayamba kupanga ma cruiser awo: Yamaha Virago mu 1981, Honda Shadow mu 1983 ndi Suzuki Intruder mu 1985.

Mu 1981 akuluakulu 13 a kampaniyo, motsogozedwa ndi Vaughn Beals, adaigulanso kuchokera kwa AMF. Mmodzi mwa iwo adali Willie G. Davidson, mdzukulu wa William A. Davidson, yemwe adali katswiri wojambula maonekedwe a njinga. Mu 1983 boma la Ronald Reagan lidakweza msonkho wa njinga zochokera kunja zoposa 700 cc kuti kampaniyo ipume. Pofika mu 1987 Harley-Davidson idapempha yokha kuti msonkhowo uchotsedwe, kutatsala chaka kuti nthawi yake ikwane.

Chimene chidapulumutsa kampaniyi n'chakuti ngakhale m'zaka zovutazo padali anthu amene sadaisiye. Ankakonza okha njinga zawo, kubwerekana zipangizo, ndipo ena adachita kudinda chizindikiro cha kampaniyo pakhungu lawo. Eni kampani atsopanowo adaona kuti chuma chawo chenicheni chidali anthu amenewa, choncho pokonza zolakwika za m'fakitale adaganizanso zowasonkhanitsa.

Bungwe la eni njinga

Mu 1983 kampaniyo idakhazikitsa bungwe la Harley Owners Group, lomwe mwachidule amalitcha HOG. Wogula njinga yatsopano amakhala membala kwa chaka chimodzi osalipira, ndipo nthambi iliyonse imakhala pansi pa sitolo yogulitsa njingazo m'deralo. Mamembala amakonza maulendo oyendera limodzi, amasonkha ndalama zothandizira odwala ndi osowa, ndipo amavala majekete achikopa osokererapo zizindikiro za nthambi yawo ndi za misonkhano imene adapitako. M'zaka za m'ma 2000 mamembala adapitirira miliyoni imodzi padziko lonse.

Misonkhano ikuluikulu imalimbitsa ubalewu. Wotchuka kwambiri ndi wa ku Sturgis m'chigawo cha South Dakota, womwe udayamba mu 1938 ndipo umachitika mwezi wa August, kukopa anthu mazanamazana a zikwi. Chodabwitsa n'chakuti adauyambitsa ndi wogulitsa njinga za Indian, J.C. Hoel. Kumwera kwa Africa kuno, msonkhano wa Africa Bike Week kwa zaka zingapo unkasonkhanitsa oyendetsa Harley m'tauni ya Margate ku South Africa.

Ngakhale kulira kwa injini kudasanduka chuma. Masilinda awiri a Harley adapendekeka madigiri 45 ndipo amalumikizidwa pamalo amodzi a chitsulo chozungulira cha m'kati mwa injini, kotero saphulika motalikirana mofanana. Zotsatira zake ndi kugunda kodukizadukiza kumene mwini wake amakuzindikira ali patali. Mu 1994 kampaniyo idapempha boma kuti kulirako kulembetsedwe ngati chizindikiro chake cha malonda. Makampani ena adatsutsa, ndipo mu 2000 idaleka nkhaniyo. Makolo athu, amene ankatcha njinga yamoto kuti mthuthuthu potengera kulira kwake, sakadadabwa nazo zimenezi.

Zimene ofufuza adapeza

Mu 1995 akatswiri awiri, John Schouten ndi James McAlexander, adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene adachita atakhala ndi kuyenda limodzi ndi eni njinga za Harley kwa zaka zingapo. Adapeza kuti gululo lili ndi magawo ake a ulemu: amene wakhalitsa ndipo wayenda mitunda yambiri amalemekezeka kuposa wobwera kumene, ngakhale wobwerayo akhale dokotala kapena loya. Adapezanso kuti mfundo zimene zimawagwirizanitsa ndi ufulu wa munthu payekha, kukonda dziko la America ndi kudzionetsa uchamuna.

Mu 2001 akatswiri enanso awiri, Albert Muniz ndi Thomas O'Guinn, adatchula zizindikiro zitatu za gulu la anthu omangidwa ndi dzina la katundu. Choyamba ndi kudzimva kuti "ife ndife amodzi" ndipo ndife osiyana ndi ena. Chachiwiri ndi miyambo, monga moni wapadera, zovala ndi nkhani zimene amafotokozerana. Chachitatu ndi udindo wothandizana, monga kuimira mnzako amene njinga yamufera panjira ngakhale simudziwana. Zizindikiro zitatuzi ndizo muyeso wabwino woyezera zimene zikuchitika m'makwalala a Blantyre.

Njinga za kuno kwathu

Kale njinga yamoto m'Malawi idali ya anthu a ntchito zodziwika: mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo, wansembe, woyendera sukulu. Mayina amene ankamveka ndi Honda, Suzuki ndi Yamaha, makamaka Yamaha DT 125 ndi AG 200, zimene zimapirira misewu yafumbi. Mabungwe monga Riders for Health, amene amanyamula magazi ndi zina zokayezedwa kuchokera m'zipatala za kumidzi, amadalirabe njinga zamoto. Kabaza pa nthawiyo adali wa njinga yakapalasa.

Zinthu zidasintha pamene njinga zotsika mtengo za ku China ndi India zidayamba kulowa zambiri m'dziko muno, zina kudzera m'malire a Mozambique ndi Tanzania. M'zaka zochepa chabe, masiteji a njinga zamoto adafalikira ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Machinjiri ndi Zingwangwa, makamaka panjira zimene minibasi sizifikako. Boxer ndi ya kampani ya Bajaj ya ku India, TVS ndi ya ku India komweko, pamene Lifo, Kinglion ndi SanLG n'zochokera ku China.

Njingazi zili ndi makolo ake. Zambiri za ku China zidatengera injini ya Honda CG125, yomwe Honda idatulutsa mu 1975 itaona kuti m'mayiko osauka anthu amanyamula katundu wolemera ndipo sasintha oyilo panthawi yake. Zina zidatengera maonekedwe a Suzuki GN125 ya mu 1982, kanjinga kamene kadapangidwa motsanzira cruiser: chishalo chotsika, thanki yozungulira, zogwirira zokwera ndi zitsulo zonyezimira. Choncho ngakhale Harley ndi yosowa ku Zingwangwa, chithunzithunzi chake chimaoneka pasiteji tsiku lililonse, chitanyamula thumba la makala kapena mwana wa sukulu.

Chimene wakabaza amayang'ana pa dzina

Mwini Harley amagula njinga kuti azisangalala nayo pa Loweruka. Wakabaza amadyera pomwepo. Ambiri njingayo si yawo: amapereka ndalama kwa bwana tsiku lililonse kapena pasabata, ndipo ena amagwirizana kuti akamaliza kupereka ndalama zimene adapangana njingayo idzakhale yawo. Kwa munthu wotere, tsiku limene njinga yagona kugalaja ndi tsiku la njala pakhomo, ngongole ya bwana ikuwerengedwabe.

N'chifukwa chake mbiri ya dzina la njinga kuno imamangidwa pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mafuta: njinga yomwa petulo pang'ono imakondedwa, makamaka m'nyengo zimene mafuta akhala akusowa ndipo anthu amagona pamizere. Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipangizo monga tcheni, mabuleki, matayala ndi mapulagi m'mashopu a ku Limbe, ku Ndirande kapena pamsika wapafupi. Chachitatu ndi makaniko: njinga imene aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa kumasula imapambana yokongola imene palibe angaikhudze. Chachinayi ndi mtengo wake pogulitsanso. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya njinga ndi zipangizo idakwera, ndipo mfundozi zidakhala zofunika koposa kale. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wakabaza amene adagulapo njinga chifukwa cha utoto amaudziwa bwino mwambiwu.

Kukongoletsa kulipo ndithu. Njinga zambiri zili ndi magetsi owonjezera, mahutala a mawu akuluakulu, timawailesi, nsalu pachishalo, zomata za timu ya mpira ndi mawu a chipembedzo kapena a nthabwala kumbuyo. Monga mwini cruiser amasinthira zogwirira ndi ekizozi kuti njinga yake isafanane ndi ya wina, wakabaza nayenso amafuna kuti kasitomala wake amuzindikire pakati pa njinga makumi awiri zofanana.

Siteji: HOG ya ku Zingwangwa

Tikatenga muyeso wa Muniz ndi O'Guinn, zizindikiro zonse zitatu zimapezeka pasiteji. Oyendetsa a pamalo amodzi amadziwana, amakhala ndi wapampando ndi komiti, ndipo wofuna kulowa nthawi zambiri amalipira ndalama yolowera. Mlendo sangangofika n'kuyamba kunyamula anthu. Miyambo ilipo: ndondomeko ya amene anyamule wokwera wotsatira, majekete owala amene ena amalembapo dzina la siteji, mayina opatsana, ndiponso mdipiti wa njinga zoliza mahutala poperekeza maliro a mnzawo. Udindo wothandizana ndiwo wamphamvu kwambiri. Wina akachita ngozi, akadwala, akaferedwa kapena njinga yake ikabedwa, anzake amasonkha ndalama kapena kutuluka kukasaka. Popeza oyendetsa ena akhala akuvulazidwa ngakhale kuphedwa ndi mbava zonamizira kukhala okwera, makamaka usiku, kudziwana kumeneku kumateteza moyo. Kali kokha n'kanyama.

Kusiyana kwake ndi uku: ku America kampani ndiyo idasonkhanitsa anthu, ndipo phindu la ubalewo limabwerera kukampani kudzera m'malonda a njinga, zovala ndi zipangizo. Ku Zingwangwa anthu adadzisonkhanitsa okha chifukwa cha umphawi ndi zoopsa za pantchito. Pasiteji imodzi pamakhala Lifo, Boxer ndi Kinglion mosasankhana. Wakabaza akhoza kusintha dzina la njinga chaka chamawa ngati zipangizo zake zasowa, koma kusiya siteji kapena makaniko amene amamukongoza pa tsiku lovuta n'kovuta kwambiri.

Mbiri ya oyendetsa

Pali phunziro lina limene nkhani ya Hollister ikupereka. Zochita za anthu ochepa zidaipitsa dzina la oyendetsa onse kwa zaka zambiri, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Akabaza a m'mizinda yathu ali pa vuto lofananalo. Anthu amawadandaula chifukwa chodutsa mbali yolakwika, kunyamula anthu atatu kapena anayi, kuyenda opanda chisoti, ndiponso kuunjirira woyendetsa galimoto pakachitika ngozi asanamve mutu wa nkhani. Madokotala a mafupa m'zipatala zazikulu, kuphatikizapo cha Gulupu, akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limakhudza njinga yamoto monga likhudzira galimoto. Njinga iyenera kulembetsedwa ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, kukhala ndi nambala ndi inshulansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi: ya A1 pa njinga zosapitirira 125 cc, ya A pa zazikulu kuposa apo. Woyendetsa ndi wokwera onse ayenera kuvala chisoti. Akabaza ambiri amati ndalama zolembetsera ndi zophunzirira n'zochuluka poyerekeza ndi zimene amapeza, ndipo mabungwe owaimira, monga Macokasa, akhala akukambirana ndi boma pa nkhaniyi. Koma wokwera ayenera kudziwa kuti njinga yopanda nambala ndi inshulansi ikamugwetsa, njira yopezera chipukuta misozi imakhala yopapatiza.

Nthambi za HOG zidathandiza kusintha mbiri ya oyendetsa poika malamulo a kayendedwe ka gulu, kulimbikitsa maphunziro oyendetsa mosamala ndi kugwira ntchito zachifundo zooneka ndi maso. Siteji ili ndi mphamvu yoteroyo, mwinanso yoposa, chifukwa wapampando akhoza kuletsa munthu woledzera kapena wopanda chisoti kunyamula anthu pamalopo, chinthu chimene wapolisi sangachite ola lililonse.

Kukhulupirika kuli ndi malire

Ngakhale Harley-Davidson yaona kuti chikondi cha makasitomala si chamuyaya. Anthu amene adaikweza m'zaka za m'ma 1990 akukalamba, ndipo achinyamata ambiri amaona kuti njingazo n'zodula ndi zolemera. Mu 2018, itanena kuti njinga zogulitsa ku Ulaya iyamba kupangira kunja kwa America pothawa msonkho, ena mwa okonda ake adakwiya poona ngati yagulitsa mtundu. Mu 2019 idatulutsa njinga yamagetsi ya LiveWire, yopanda kugunda kuja kumene eni ake amanyadira. Mu 2020 idatseka fakitale yake ku India, ndipo mu 2023, mogwirizana ndi kampani ya Hero, idatulutsa X440, njinga yaing'ono ya silinda imodzi yopangira msika wa kumeneko. Kampani imene idakula ndi njinga zikuluzikulu tsopano ikufunafuna anthu a m'mayiko amene njinga yamoto ndi khasu.

Kwa wachinyamata wa ku Zingwangwa amene akusunga ndalama kuti agule njinga yake yoyamba, mfundo yake ndi yachidule. Asanayang'ane utoto, afunse makaniko atatu za njinga imene amaikonza kawirikawiri ndi chimene chimaivuta, ayende m'mashopu kuona ngati zipangizo zake zilipo, aonetsetse kuti mapepala a msonkho ndi a umwini ndi enieni, ndipo pa bajeti yake aikepo laisensi, inshulansi ndi zisoti ziwiri. Akatero asankhe siteji imene ili ndi malamulo omveka, chifukwa tsiku limene adzagwe pamsewu wa Kapeni, amene adzamunyamule kupita naye ku Gulupu ndi anzake a pasitejipo.